Kompyuta Itakana Basela

Levi wa ku Likoswe anaika mayi ake m'manda, ndipo sabata isanathe foni ya malemuwo inalira m'thumba mwake.

Inu amene munaferedwapo mukudziwa mmene zimakhalira. Anthu amadzaza pabwalo, amaimba, amalonjeza kuti sadzakutayani, kenako aliyense amanyamula mpando wake n'kumapita. Otsala ndinu, pamodzi ndi mafunso amene malemu yekha ndiye ankadziwa mayankho ake. Nkhani iyi ndalembera inu.

Mayi a Levi, a Nabanda, ankasonkhanitsa matimati, kabichi ndi anyezi kwa alimi a m'madimba a kwawoko n'kukapereka ku kampani ina ya ku Limbe imene imaphikira anthu ogwira ntchito m'mafakitale. Analibe ofesi kapena chikwangwani. Anali ndi foni yosweka galasi, madengu, ndi dzina labwino. Malondawo ndiwo anatumiza Levi kukoleji, ndipo ndiwo ankagula feteleza ndi mayunifolomu m'makomo ambiri a m'mudzimo.

Mayiwo atadwala, Levi anasiya koleji ali m'chaka chachiwiri kuti akawadwazike. Ankati abwerera. Sanabwerere.

Amene anaimba foni tsikulo anali a Matilda, a mu ofesi yogula zinthu pakampanipo. Anapepesa maliro mofatsa. Kenako ananena chimene anaimbira.

"Achimwene, kuno zinthu zasintha. Abwana aletsa zoitanitsa katundu pafoni. Aliyense wotigulitsa zinthu akhale ndi katalogi yake pa intaneti, ndipo katalogiyo ilumikizidwe ndi kompyuta yathu yogulira. Amene salumikiza mwezi uno usanathe, dzina lake lichotsedwa."

"Amayi ankazidziwa zimenezi?"

"Ndinawauza. Anaseka. Anati mwana wawo ali kukoleji, adzakonza."

Levi kukoleji ankaphunzira uphunzitsi. Koma kwa a Nabanda koleji inali koleji basi, ndipo wopita kumeneko amadziwa chilichonse chokhala ndi mabatani.

Anakhala pakhonde foni ili m'manja. Kumadimba matimati anali atayamba kufiira. Matimati sadikira kuti munthu amalize kulira. Dzina la a Nabanda likanachotsedwa, alimi onse aja akanagwera m'manja mwa mavenda a pamsewu, amene amatchula mtengo akuyang'ana kumbali chifukwa akudziwa kuti katunduyo mawa aola.

M'mawa mwake anakwera kabaza mpaka kumsewu wa tala, n'kukwera minibasi ya ku Limbe.

A Matilda anamukhazika pambali pawo n'kumuonetsa mmene zimayendera. Anadina dzina la sitolo ina yaikulu yogulitsa mpunga ndi mafuta ophikira. Nthawi yomweyo kompyuta inawalowetsa m'katalogi ya sitoloyo: zithunzi, mitengo, chilichonse ndi nambala yake. Anasankha zimene ankafuna n'kuziika m'kadengu ka pakona. Atadinanso, kadenguko kanabwerera m'kompyuta ya kampani katadzaza. Abwana akangovomereza, oda imapita yokha kwa wogulitsa.

"Mwaona? Palibe kuimba foni, palibe kunenerera, palibe ngakhale 'mwadzuka bwanji'," anatero a Matilda. "Mukalumikiza, tikuyesani ndi maoda atatu. Imodzi yokha ikalowa bwinobwino, dzina likhala. Onse akalakwika, ine ndilibenso mawu."

Levi anagwedeza mutu ngati wamva.

Anabwereka laputopu kwa mnzake wa kukoleji. Batire yake inali yakufa, moti inkafuna kukhala pamagetsi nthawi zonse. Wometa tsitsi wina wa pa Milepa anamulola kumakhala pakona ya babashopu, tsitsi la anthu likugwera pamabatani. Magetsi akazima, ometa ndi wolemba katalogi onse ankatuluka kukakhala panja.

Anapeza tsamba la pa intaneti limene limalola ogulitsa ang'onoang'ono kuikapo katalogi. Malangizo ake anali m'Chingerezi cholimba. Ankawerenga mzere umodzi kangapo, n'kuonera mavidiyo a anthu olankhula mothamanga mpaka bandulo ya intaneti kutha. Bandulo ikatha, ankagwira nkhuku imodzi mwa nkhuku za Mikolongwe zimene mayi ake anasiya, n'kupita nayo kumsika. Khola linayamba kuchita zii.

Vuto loyamba linali muyezo. Ku Likoswe matimati amagulitsidwa pa ndowa, pa dengu kapena pa mulu. Katalogi inkafuna makilo. Levi anabwereka sikelo kwa wogula nandolo n'kuyamba kuyenda nayo m'madimba.

Atsibweni ake, a Frackson, mlongo wawo wa a Nabanda, ndiwo anali ndi dimba lalikulu kuposa onse. Anayang'ana sikeloyo ikulendewera pamtengo wa mango.

"A koleji, matimati angawa mukuwakweza pasikelo ngati makanda? Muwabayenso katemera?"

"Ndi zimene akufuna ku Limbe, atsibweni."

"Mayi ako ankangoyang'ana ndowa n'kudziwa."

"Kompyuta ilibe maso."

"Ndiye ikudya bwanji matimati?"

Anaseka onse.

Katalogi itatha, inatsala ntchito yeniyeni: kuilumikiza ndi kompyuta ya kampani. Katswiri wa makompyuta wa pakampanipo anamutumizira mawu achinsinsi ndi manambala oti makompyuta awiriwo azidziwana nawo. Levi anawalowetsa. A Matilda atadina dzina la a Nabanda, chitseko sichinatseguke. Anakonza. Chinatseguka, koma kadengu kanabwerera kopanda kanthu. Anakonzanso. Kanabwerera ndi anyezi okhaokha, matimati atasowa panjira.

Katswiri uja ankayankha mauthenga akafuna. Anali ndi ogulitsa ambiri owathandiza, ndipo ena mwa iwo anali ndi malole ndi maofesi a magalasi. Levi ankatumiza uthenga m'mawa n'kumayang'ana foni tsiku lonse. Akamva njinga ikuima panja, ankaganiza kuti ndi mlimi wodzafunsa kuti zili pati. Ndipo ankabweradi, mmodzimmodzi, n'kukhala pakhonde osafunsa kanthu, kumene kuli kufunsa koopsa kuposa konse.

Anayesa ndi kuyesanso. Pomaliza anapeza kuti kompyuta ya kampani inali ndi kalembedwe kake ka makilo, ndipo katundu wolembedwa mwina inkangomutaya osanena chifukwa. Anasintha mzere uliwonse. Kutatsala masiku owerengeka kuti mwezi uthe, a Matilda anaimba.

"Achimwene, dengu lafika lodzaza."

Levi anatuluka m'babashopu, n'kukaima kuseri kwa chipupa mpaka maso atauma.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Iyenso ankaganiza choncho.

Oda yoyamba inabwera yokha pafoni: matimati makilo handiredi. Alimi anathyola m'mamawa. Levi anayeza dengu lililonse. Koma atamaliza kuyeza, mlimi aliyense anabwera ndi kamulu m'manja n'kuika pamwamba. Kwathu kuno ndi mmene malonda amathera. Wogula akalipira, wogulitsa amaikapo basela, kuti asiyane ngati anthu. Tsikulo anaika wambiri kuposa masiku onse, chifukwa unali ulendo woyamba wopanda a Nabanda, ndipo aliyense ankafuna kupepesa ndi zimene anali nazo. Levi anaona, mtima unasungunuka, sanaletse.

Pageti la kampani, wapasitolo yosungira zakudya anayeza katunduyo n'kulemba nambala m'kompyuta. Kompyuta inaonetsa zofiira.

"Ikuti talandira zimene sitinagule," anatero.

"Ndi basela, abambo. Sitikufuna ndalama yake."

"Basela ndimamudziwa, inenso ndinakulira kumudzi. Koma muno mulibe poti ndimulembe."

Levi anati achotse owonjezerawo, koma nambala inali italowa kale. Katundu anakhala padzuwa mpaka masana, anthu a mu ofesi akuimbirana mafoni. Pomaliza anamulandira, koma oda yoyamba inalembedwa kuti yalakwika.

Atafika kumudzi anasonkhanitsa alimi n'kuwauza kuti basela watha. Aliyense apereke zimene sikelo yanena, osawonjezera ngakhale limodzi.

A Frackson anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Malonda opanda basela ndi ndewu, mphwanga. Mlongo wanga sanaperekeko ndowa yometedwa pamwamba."

"Mlongo wanu kulibe, atsibweni. Tinamuika tonse."

Mawu amenewa anatuluka mwa munthu wotopa ndi mantha, koma mawu akatuluka satola. A Frackson anavala chipewa chawo n'kumapita. Matimati awo anatumiza, koma iwo sanabwere.

Oda yachiwiri inanyamuka ndi makilo enieni, osapitirira, osaperewera. Usiku wake kunali kutagwa mvula. Njinga za kabaza zinkaterereka m'matope, madengu akugundana kumbuyo. Pamsewu wa tala anawapakira m'kagalimoto kodzaza kale ndi matumba a makala, ndipo dalaivala sankazemba maenje.

Pageti, wapasitolo anayamba kusankha monga mwa ntchito yake. Apamwamba anali bwino. Apansi anali ataphwanyika, madzi akudontha m'dengu. Anawaika pambali n'kuyeza otsalawo. Anaperewera. Kompyuta inaonetsanso zofiira.

Levi anatuluka pageti atanyamula beseni la matimati ophwanyika n'kukhala pamwala m'mbali mwa msewu. Ntchentche zinamupeza. Akawonjezera, walakwa. Akapanda kuwonjezera, walakwanso. Oda inatsala imodzi.

Anaganiza zongosiya. Anaganiza zobweza laputopu, kukauza alimi kuti ayesere kwa mavenda, iye n'kulowa m'tauni kukafuna ganyu aliyense. Palibe akanamudzudzula. Anthu akanangoti mwana wamasiye anayesetsa.

Koma akuyang'ana m'besenimo, anayamba kuona chimene sanachionepo zaka zonse zimene ankathandiza mayi ake kumanga madengu. Ophwanyikawo anali ochuluka ngati basela amene alimi ankaika masiku onse. Mayi ake sankawonjezera chifukwa cha ulemu wokha. Ankadziwa kuti msewu wa ku Likoswe umadya gawo lake. Basela anali wa msewu, kuti wogula alandire zonse zimene walipira. Chifukwa chake zaka zonsezo ophika sanadandaulepo.

Anasiya beseni kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa n'kubwerera m'kati. A Matilda anali pamsonkhano. Anawadikira pabenchi, malaya ali ndi madontho ofiira, anthu ovala mataye akumulambalala.

Atatuluka, Levi anawafotokozera za msewu. Kenako ananena zimene ankafuna.

"Ndiloleni ndimuike basela m'katalogi. Akhale ndi dzina ndi nambala yake ngati katundu wina aliyense, koma mtengo wake ukhale ziro. Mukamaitanitsa matimati, muziitanitsanso basela. Abwino azidzaza mzere wolipira. Otsala azilowa pa mzere wa basela, kaya achuluka kaya achepa."

A Matilda anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Katundu waulere, achimwene? Abwana anabweretsa kompyutayi kuti athetse zopatsana kuseri. Akaona zaulere aganiza kuti ndi chiphuphu, ndipo woyamba kufunsidwa ndine."

"Chiphuphu chimabisala, mayi. Ine ndikupempha kuti alembedwe, aliyense azimuona."

A Matilda anavalanso magalasi awo.

"Ndikawauza. Koma sindikukulonjezani kanthu. Inenso ndili ndi ana."

Masiku otsatirawo ndiwo anali owawa kuposa onse, chifukwa panalibe choti achite ndi manja. Foni inali chete. Matimati anali kupsa. Mavenda anamva fungo n'kuyamba kuzungulira m'madimba ndi njinga zawo zamoto. Alimi awiri anawagulitsa, ndipo Levi sanawaimbe mlandu, chifukwa ana awo anali atabwezedwa kusukulu chifukwa chosowa fizi. Anthu ena amene analira mokweza pamaliro ndiwo anayamba kunena kuti koleji yatheka ndi yoopsa kuposa umbuli.

Levi anapita kudimba kwa atsibweni ake. Anawapeza akuthirira. Sanadziwe poyambira, ndiye anangotenga kheni ina n'kuyamba kutunga madzi. Anathirira limodzi mizere ingapo.

"Mavenda anabwera," anatero a Frackson, osamuyang'ana.

"Mwawagulitsa?"

"Ndawauza kuti matimatiwa ali ndi mwini. Akaola, aolera iweyo."

"Atsibweni, mawu aja..."

"Thirira uko, wasiya mzere."

Yankho linabwera pamene Levi anali atasiya kuyang'ana foni. Abwana anali atavomera, koma anaika malire: basela asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a oda, ndipo azilowa m'khitchini, osati m'zikwama za anthu. Katswiri wa makompyuta anatsegula kuti mzere wopanda mtengo uzidutsa. Levi anathamangira ku babashopu n'kulemba katundu watsopano m'katalogi. A Matilda anayesa. Kadengu kanabwerera ndi mizere iwiri.

Tsiku la oda yachitatu a Frackson anabwera okha ndi madengu awo. Levi atamaliza kuyeza, anawauza kuti tsopano aike basela, ndipo naye ayezedwa.

"Ndiye kuti basela walowa m'kompyuta?"

"Walowa, atsibweni. Ali ndi nambala yake."

"Hm. Yayamba kuphunzira ulemu."

Anaumirira kuti apite nawo ku Limbe. Ulendo wonse anakhala kumbuyo kwa galimoto atakumbatira dengu, akukalipira dalaivala pa dzenje lililonse.

Pageti, wapasitolo anasankha pang'onopang'ono. Levi anaima pambali akuyang'ana. Ophwanyika anaikidwa pambali. Abwino anakwera pasikelo mpaka makilo anakwana. Anatsala ochepa, ndipo anawayeza paokha. Wapasitolo analemba nambala yoyamba, kenako yachiwiri. Kompyuta inakhala ngati ikuganiza.

Inaonetsa zobiriwira.

"Zalowa," anatero wapasitolo, ngati akunena za nyengo. "Chotsani madengu, kukubwera lole ya mpunga."

A Matilda anatuluka mu ofesi n'kugwira Levi dzanja. "Dzina likhala, achimwene. Lachisanu tikufuna kabichi."

A Frackson anatembenukira kuchipupa n'kumakonza chipewa chimene chinali bwinobwino.

Lero alimi a ku Likoswe akupereka katundu ku kampani ija sabata iliyonse. Sukulu ina yogonera komweko nayo inalumikiza kompyuta yake ndi katalogi yomweyo, ndipo ulendo umenewo Levi sanagulitse nkhuku. Anagula sikelo yawoyawo ndi makreti apulasitiki, moti ophwanyika anachepa. Alimi awiri aja anabwerera, ndipo palibe anawakumbutsa. Anyamata ena ogulitsa mazira ndi mkaka amabwera kudzafunsa mmene angaikire katundu wawo pa intaneti, ndipo Levi amawakhazika pansi n'kuyamba ndi funso limodzi: kodi katundu wanu amafika bwanji kwa wogula?

Sindikunamizani. Levi sanalemere. Kukoleji sanabwererebe, ndipo anzake akaika zithunzi pa intaneti atavala mikanjo ya omaliza maphunziro amazidutsa mwachangu. Netiweki imasowabe, msewu ukadali womwewo. Masiku ena amadzuka chisoni chitamukhalira pachifuwa, ndipo palibe oda yobiriwira imene imachichotsa. Inenso amene ndikulemba izi ndinasiya koleji panjira, ndipo ndili ndi manda amene ndimakalambula. Ndikudziwa kuti chisoni sichitha chifukwa zinthu zayenda. Chimangophunzira kuyenda nanu.

Koma taonani pamene mnyamatayu anali. Analephera kawiri pamaso pa anthu, koyamba chifukwa chopereka zambiri, kachiwiri chifukwa chopereka zokwanira. Anali ndi zifukwa zonse zonyamuka pamwala paja n'kulowera kudepoti. M'malo mwake anayang'anitsitsa chimene chinamugwetsa, n'kubwerera pakhomo lomwelo malaya ali othimbirira.

Mwina inunso mwakhala pamwala wanu lero. Mwina amene ankakutsogolerani anapita, n'kukusiyirani ntchito imene simunaiphunzire. Mantha amenewo si umboni wakuti simungathe. Lirani ngati misozi yabwera, palibe cholakwika. Mukatha, pukutani m'maso, muyang'ane bwino chimene chaphwanyika, mufunse chifukwa chake, ndipo mukagogodenso.

Mtima wanu ndi wolemera, ndikudziwa. Koma musautaye. Unyamuleni choncho, mupite nawo.